Sola ya mawati 300 yokula ngati kope: yesani malonda a pa Facebook musanatumize ndalama

Ndinalonjeza kuti phunziro lotsatira likhala la magetsi a dzuwa, ndipo sindinaiwale. Tingolowera khomo lina, chifukwa pali nkhani yomwe yakhala ikundivutitsa mumtima kuyambira teremu yatha. Tengani kope ndi cholembera, masamu alipo pang'ono.

Tsiku lina Lachitatu, nthawi ya buleki, mnyamata wina wa Fomu 4 anandidikirira pakhomo la labu. Dzina lake sinditchula, koma nkhaniyi wandilola kuti ndikuuzeni. Kwawo ndi mudzi wina wa kufupi ndi Embangweni, komwe mawaya a ESCOM sanafike. Mkulu wake amagwira maganyu ku Joni, ndipo anamutumizira K60,000 kuti agule sola yoti aziwerengera usiku pokonzekera mayeso a MSCE.

"Aphunzitsi, pepani, mungandibwerekeko K10,000? Ndibweza achimwene akatumiza."

Nditafunsa kuti ndalamayo ndi ya chiyani, anandipatsa foni. Pa Facebook anaona malonda okongola ndithu: sola ya mawati 300, batire, mababu anayi, zonse pamodzi K45,000, ndipo mtengowo unali wa "lero lokha". Anadina, n'kupezeka ali pa WhatsApp ndi munthu waulemu kwambiri, wolemba "bwana" mu uthenga uliwonse. Lolemba anatumiza K45,000. Lachitatu m'mawa anauzidwa kuti katundu wanyamuka pa basi ku Lilongwe, atumize K10,000 ya kondakitala. Anatumiza. Pasanathe ola, uthenga wina unafika: katundu wagwidwa pa rodibuloko ya pa Jenda, pakufunika K15,000 ya MRA. Iye anali atatsala ndi K5,000 yokha.

Ndinayang'ana chithunzi cha sola ija. Pansi pake analembapo kukula kwake: 40 cm m'litali, 30 cm m'lifupi. Ndinamuuza kuti, "Lowa, tenga choko. Tiwerengere kaye."

Funso loyamba: kodi chinthuchi chingakhalepo?

Masana dzuwa lili paliwombo, kumwamba kopanda mitambo, malo okula sikweya mita imodzi amalandira mphamvu ya dzuwa pafupifupi mawati 1,000. Nambala imeneyi ndi yomwenso opanga masola amagwiritsa ntchito poyeza katundu wawo ku fakitale. Iloweni pamtima, ikuthandizani moyo wonse.

Tsopano sola ya mnzathu ija:

Area = 0.4 m × 0.3 m = 0.12 m²

Mphamvu ya dzuwa yogwera pamenepo = 0.12 × 1,000 = mawati 120

Mwaona? Dzuwa lenilenilo likupereka mawati 120 okha pa kasola kameneka. Ndiye 300 ichokera kuti? Lamulo la conservation of energy, lomwe mumaliimba m'kalasi ngati nyimbo, likuti mphamvu siipangidwa ndipo siiwonongedwa, imangosintha mtundu. Sola siingatulutse zoposa zimene yalandira.

Komanso sola siisandutsa kuwala konse kukhala magetsi. Kwina kumanyezimira n'kubwerera, kwina kumasanduka kutentha. N'chifukwa chake sola imaotcha mukaigwira masana. Masola abwino a m'masitolo ali ndi efficiency ya pafupifupi 20 pa 100 iliyonse. Choncho:

0.20 × 120 = mawati 24

Kasola kokula choncho kakayesetsa kwambiri kapereka mawati 24 basi. Kuti mupeze mawati 300 pamafunika 300 ÷ 200, yomwe ndi 1.5 m², sola yokula pafupifupi ngati chitseko cha kalasi yanu. Sola yotero siilowa m'chikwama, ndipo pa K45,000 simungaipeze kulikonse m'Malawi muno.

Mnyamata uja anayang'ana pabolodi nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye kuti katunduyo kulibe?" Ndinamuyankha kuti katundu amene anajambulidwayo sangakhalepo, ndipo munthu amene wanama pa mawati sangavutike kunama pa basi ndi pa rodibuloko.

Tiyesenso china chomwe mumachiona kawirikawiri: pawabanki ya 100,000 mAh "yolowa m'thumba la malaya". Maselo a lithium-ion amapereka pafupifupi 3.7 V. Ndiye:

100,000 mAh = 100 Ah

Energy = 100 Ah × 3.7 V = 370 Wh

Maselo abwino kwambiri a mtunduwu amasunga pafupifupi 250 Wh pa kilogalamu imodzi. Gawani 370 ndi 250, mupeza pafupifupi 1.5 kg, ndipo amenewo ndi maselo okha, chikuto tisanawerengere. Kulemera kwake kukuposa paketi ya shuga ya 1 kg. Thumba la malaya liti limeneli? Batire ya foni zambiri za masiku ano ndi ya 5,000 mAh. Wina akakuuzani kuti mabatire 20 otere alowa m'kabokosi kofanana ndi foni imodzi, musatsutsane naye. Ingotsekani peji.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwayi wanu ndi wakuti mkuyu winawu mungathe kuusuzumira m'kati ndi masamu a Fomu 2, musanauluma.

Funso lachiwiri: kodi mtengowu ungatheke?

Ndalamanso zili ndi lamulo lofananako. Masola, mafoni ndi malaputopu sitipanga kuno. Wogulitsa amakaoda kunja ndi madola kapena marandi, amalipira mayendedwe, ndipo amafunanso phindu. Mu May 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 pa 100, ndipo mu November 2023 inatsitsanso ndi 44 pa 100. Kuyambira pamenepo chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo makolo anu ndi mboni. Ndiye munthu akamagulitsa foni yatsopano pa theka la mtengo wa m'masitolo a pa Boma, dzifunseni kuti theka linalo akulipira ndani. Wamalonda amatha kuchotserako pang'ono kuti katundu ayende. Koma palibe amene amaoda chinthu pa K200,000 kuti akagulitse K90,000 kwa munthu amene sanamuonepo.

Njira yake ndi yapafupi. Funsani mtengo wa chinthu chomwecho m'masitolo awiri kapena atatu enieni, pa Boma, pa Jenda kapena ku Mzuzu. M'labu sitikhulupirira reading imodzi. Timayeza katatu n'kupeza avereji. Reading yomwe yatalikirana kwambiri ndi zinzake timaikayikira. Chitani chimodzimodzi ndi mitengo.

N'chifukwa chiyani malondawo anafika pa foni yanu?

Ambiri mumaganiza kuti chinthu chikaoneka pa Facebook cholembedwa kuti Sponsored, ndiye kuti a Facebook achifufuza n'kuchivomereza. Liwulo limangotanthauza kuti wina walipira kuti uthenga wake uonekere anthu ambiri. Wotsatsa amasankha yekha anthu oti auone: a dera lakuti, a zaka zakuti, okonda zakuti. Mukangoyang'ana masola kawiri katatu, makompyuta a kampaniyo amazindikira kuti nkhani ya sola ili pamtima panu, ndipo malonda a masola amayamba kukutsatirani. Si maula ayi, ndi pulogalamu yowerenga zimene mumadina.

Vutoli si la kuno kokha. Mu 2024 akatswiri a kampani ya ku Germany yotchedwa SRLabs anaulula gulu lina lomwe linakhazikitsa masitolo abodza a pa intaneti oposa 75,000, ndipo anthu oposa 800,000, makamaka a ku Ulaya ndi ku America, anakodwa. Mu November 2025 atolankhani a Reuters analemba kuti zikalata za m'kati mwa Meta, kampani yomwe ndi mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, zinkayerekeza kuti pafupifupi 10 pa 100 ya ndalama zomwe inapeza mu 2024 zinachokera ku malonda achinyengo ndi a katundu woletsedwa. Kampaniyo inayankha kuti chiwerengerocho chinali chongoyerekeza ndipo chinakulitsa nkhani. Kaya nambala yeniyeni ndi iti, phunziro lake ndi lomweli: sefa ya kampaniyo ili ndi mabowo, choncho sefa yomaliza ndinu.

Kuno kwathu, mu 2023 bungwe la MACRA, lomwe limayang'anira makampani a mafoni ndi mawailesi, linanena kuti akathyali amabera Amalawi pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera pa ndalama za pafoni. Apolisi akhalanso akunena kuti ena mwa oimba mafoni achinyengowa amakhala ali m'ndende, makamaka ku Zomba.

Kathyali safuna kuti aliyense amukhulupirire. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka: malonda ake aonedwa ndi anthu 20,000, ndipo mmodzi yekha pa 1,000 aliwonse ndiye watumiza K45,000. Amenewo ndi anthu 20, ndalama yake K900,000. Anthu 19,980 anangodutsa, koma iye wapha makwacha. Ndiye ngati munagwapo, musadzione ngati chitsiru cha dziko lonse. Ukondewo unaponyedwa pa anthu ambirimbiri, ndipo unakupezani tsiku lomwe munkafunitsitsa chinthucho.

Yesani sitolo monga mmene mumayesera hypothesis

Mu sayansi sitifufuza umboni wongotisangalatsa. Timafufuza chinthu chimene chingagwetse ganizo lathu. Ganizo lathu pano ndi lakuti "sitoloyi ndi yeniyeni". Tiyeni tiyese kuligwetsa.

Choyamba, zaka za peji. Pa peji iliyonse ya Facebook pali gawo lotchedwa Page transparency, lomwe limasonyeza tsiku lomwe pejiyo inatsegulidwa ndi maina omwe inasinthapo. Peji ya mnzathu ija inkati yakhala pa malonda "zaka khumi", koma inatsegulidwa masabata atatu m'mbuyomo.

Chachiwiri, chithunzi. Chiikeni pa Google Lens. Mukapeza chithunzi chomwecho pa masitolo a ku China, ku Kenya kapena ku South Africa, dziwani kuti munthuyo anangochitola. Mupempheni ajambule kavidiyo ali ndi katunduyo m'manja, pambali pali pepala lolembedwa dzina lanu ndi tsiku la lero. Amene ali ndi katundu amachita zimenezi mu mphindi ziwiri. Amene alibe amayamba nkhani zakuti kamera yafa, netiweki ikuvuta, kapena amakwiya kuti simukumukhulupirira.

Chachitatu, malo. Funsani kuti sitoloyo ili pati kwenikweni, moyang'anana ndi chiyani. Ife a ku Mzimba tili ndi mwayi umodzi: abale athu ali paliponse, ku Mzuzu, ku Lilongwe, ku Blantyre, ngakhale ku Johannesburg. Tumani wina akaone ndi maso. Akanena kuti "tili ndi warehouse yokha, anthu saloledwa kufika", mwapeza yankho.

Chachinayi, dzina la wolandira ndalama. Potumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, onetsetsani dzina lomwe nambalayo inalembetsedwa. Ngati peji ili ndi dzina la sitolo, wolankhula nanu watchula dzina lina, ndipo nambala ikuonetsa dzina lachitatu, imani pomwepo. Chenjeraninso ndi nambala yomwe imasinthasintha: lero iyi, mawa "tumizani kwa akaunti manejala wathu".

Chachisanu, ndemanga za pansi pa malondawo. Ngati onse akuyamikira ndi mawu ofanana, kapena zikusonyeza kuti ndemanga zilipo 60 koma mukuona zisanu zokha, ndiye kuti zodandaula zikubisidwa.

Chachisanu ndi chimodzi, changu. "Lero lokha." "Zatsala ziwiri." "Wina akufuna kulipira pompano." Cholinga chake n'chakuti musapeze nthawi yofunsa munthu wina. Paja safunsa anadya phula. Sola yeniyeni ikhalapobe mawa.

Pali chinanso chimene chimapusitsa ngakhale ophunzira bwino: kaloko kamene kamaoneka pafupi ndi adiresi ya webusayiti, pamodzi ndi zilembo za https. Kaloko kameneko kamangotanthauza kuti uthenga wapakati pa foni yanu ndi webusayitiyo wabisidwa kuti anthu apanjira asauwerenge. Sikanena chilichonse za khalidwe la mwini webusayiti. Wakuba nayenso amakhala ndi loko pachitseko chake.

Ndipo nkhani ya "ndalama ya MRA" imveni bwino. Msonkho wa katundu wochokera kunja umalipiridwa ku Malawi Revenue Authority, ndipo pamatuluka lisiti la bungwelo. Satumiza pa nambala ya munthu. Komanso katundu amene wagulidwa m'sitolo ku Lilongwe kupita ku Mzimba sanadutse malire a dziko lililonse. Abale a ku Joni akamatumiza katundu kudzera mwa matransipota, chinyengo chomwechi chimabwera chitavala malaya ena: foni yoti "katundu wanu wagwidwa pa boda ya Mwanza kapena ya Dedza, tumizani ya clearance". Musanatumize kanthu, imbirani mwini katundu ku Joniko pa nambala yomwe mumaidziwa kale.

Lamulo lachidule ndi ili: kwa munthu amene simukumudziwa, lipirani katundu ali m'manja mwanu kapena m'manja mwa m'bale wanu.

Ndalama zimapita kuti mukadina "tumiza"?

Kuti mumvetse chifukwa chake kubweza ndalama kumavuta, tione chimene chimachitika. Mukayimba *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM n'kulowetsa PIN, foni yanu imatumiza mafunde a wailesi ku nsanja ya netiweki yapafupi. Mafundewa ndi a banja la electromagnetic waves, ndipo amathamanga ngati kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi. Mtunda wa makilomita 300 amaumaliza mu 0.001 ya sekondi. Kuchokera pa nsanjapo uthenga umapitirira kudzera pa madishi a microwave kapena m'zingwe za fibre, momwe kuwala kumayenda pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi, mpaka kukafika pa makompyuta a kampani.

Palibe ndalama yapepala yomwe imauluka m'mwamba. M'makompyuta amenewo muli kaundula, ngati kope la msungichuma wa banki ya m'mudzi. Pa dzina lanu amachotsa 45,000, pa dzina la winayo amaonjezera 45,000. Basi, ntchito yatha, m'masekondi ochepa.

Tsopano tamverani apa, chifukwa mutu wa nkhani uli pano. Nthawi yonse yomwe 45,000 ija ikadali pa nambala ya kathyali, kampani ili ndi mphamvu yoitsekera kuti isachoke pamene ikufufuza. Koma kathyali akapita kwa ejenti n'kukatapa, nambala ija imasanduka mapepala a m'thumba mwake. Mu kaundula ndalamayo yapita kwa ejenti, yemwe wapereka ndalama zake zenizeni ndipo sanalakwe chilichonse. Kampani siingamulande. Akathyali ena satapa okha. Amayamba aigawa ku manambala atatu kapena anayi, ena amagula mayunitsi, kuti mapazi asowe.

M'physics muli zosintha zina zobwezeka ndi zina zosabwezeka. Madzi oundana akasungunuka mungawaumitsenso. Nkhuni ikapsa, phulusa silibwerera kukhala nkhuni. Ndalama yomwe ili pa nambala ili ngati madzi aja. Yomwe yatapidwa ndi phulusa. Pakati pa ziwirizi pamakhala mphindi zochepa, mwina maola. N'chifukwa chake mdani wamkulu wa munthu woberedwa ndi manyazi. Amakhala masiku atatu osauza aliyense, akuyembekezera basi yomwe kulibe, ndipo nthawi yonseyo nkhuni ikuyaka.

Ngati mwatumiza kale, chitani izi motsatana

1. Lekani kutumiza. Ngakhale akuuzeni kuti iyi ndi yomaliza. Maganizo akuti "ndataya kale K55,000, ndingomaliza" ndiwo nyambo yeniyeni. K15,000 yowonjezera siikoka K55,000 kuti ibwerere.

2. Imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo, pa nambala yawo yothandizira makasitomala, kapena thamangirani ku shopu yawo. Nenani momveka kuti mwaberedwa mwachinyengo, ndipo mukupempha kuti atsekere ndalamayo. Konzekerani kupereka nambala yanu, nambala yomwe munatumizako, kuchuluka kwa ndalama, nthawi, ndi transaction ID yomwe ili mu uthenga wotsimikizira. Pemphani nambala ya dandaulo lanu n'kuilemba m'kope.

3. Sungani umboni asanakubulokeni. Jambulani masikirinishoti a malondawo, dzina la peji, macheza onse a pa WhatsApp ndi manambala onse. Mauthenga a ndalama musafufute.

4. Uzani munthu wamkulu: kholo, mphunzitsi, kapena wokuyang'anirani. Mwina mudzudzulidwa, inde. Kudzudzulidwa kumatha tsiku lomwelo, ndipo popita ku polisi mumafunika wamkulu.

5. Kanene ku polisi, pa Boma, pa Jenda, kapena pa yuniti yomwe muli nayo pafupi. Kupeza ndalama monamiza munthu ndi mlandu pansi pa Penal Code, ndipo kuyambira 2016 tilinso ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act lokhudza milandu ya pa makompyuta ndi mafoni. Lipoti la apolisi limapereka mphamvu ku dandaulo lanu ku kampani, ndipo apolisi ndi amene ali ndi njira yalamulo yofunsira mwini nambala.

6. Ngati dandaulo lanu lagona osayankhidwa, likwezeni. Nkhani za makampani a mafoni zimapita ku MACRA, ndipo za kayendedwe ka ndalama zimapita ku Reserve Bank of Malawi. Ngati sitoloyo ilipodi koma yakupatsani katundu wabodza kapena wosiyana ndi yemwe inatsatsa, n'kukana kubweza ndalama, bungwe la Competition and Fair Trading Commission ndilo limamva madandaulo a ogula.

7. Inenezeni pejiyo kwa Facebook podina Report, ndipo chenjezani anzanu m'magulu a WhatsApp. Sizibweza ndalama zanu, koma zingapulumutse wotsatira. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Ngati amene analipira ndi m'bale wanu wogwiritsa ntchito khadi la ku banki la Visa kapena Mastercard, pali njira ina yotchedwa chargeback. Amapita ku banki yake n'kukatsutsa malipirowo chifukwa katundu sanafike, ndipo banki imalondola ndalamayo kudzera m'malamulo a makhadiwo. Nthawi yodandaulira ili ndi malire, kawirikawiri masiku 120, choncho asachedwe. Ngati analemba manambala a khadi pa webusayiti yabodza, atseketse khadilo tsiku lomwelo, chifukwa masitolo ena abodza cholinga chawo chachikulu n'kukolola manambala a makhadi. Muwauze abale a ku Joni zimenezi. Ambiri a iwo ndi amene amagula pa intaneti.

Ndisakunamizeni: ngakhale mutatsatira zonsezi, ndalama yomwe yatapidwa kale kawirikawiri siibwerera, pokhapokha wakubayo atagwidwa ndipo khoti litalamula kuti abweze.

Chenjerani ndi wakuba wachiwiri

Pakapita masiku angapo mungalandire foni: "Ndife a ku kampani, tamva kuti munaberedwa. Tikubwezerani ndalama zanu, ingotiuzani PIN," kapena "tumizani K5,000 yotsegulira fayilo". Kawirikawiri ndi gulu lomwe lija, likudziwa kuti muli pa ululu. Wogwira ntchito ku kampani ya foni kapena ku banki safunsa PIN yanu kapena manambala achinsinsi omwe amabwera pa uthenga. Dulani foniyo, muimbe nokha pa nambala yodziwika ya kampani.

Chinanso ndi cha inu amene mwakwanitsa zaka 16 ndipo muli ndi chiphaso cha unzika cha NRB. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni m'dziko muno imayenera kulembetsedwa m'dzina la munthu. Akathyali amafuna manambala a maina a anthu ena. Wina akakupemphani kuti, "Aise, ndibwereke ID ndilembetsere SIM," kapena "ndalama zanga zifikire pa nambala yako, ndikupatsa ya fanta," kanani. Tsiku lomwe apolisi adzalondole ndalama zobedwa, dzina lomwe adzalipeze mu kaundula ndi lanu.

Mmene nkhani ya mnzathu inathera

Tinaimba foni ku kampani tili m'labu momwemo, choko chikadali m'manja. K45,000 ya Lolemba inali itatapidwa tsiku lomwelo. K10,000 ya m'mawa uja inali ikadali pa nambala, ndipo inatsekeredwa. Madzulo tinapita ku polisi limodzi ndi amalume ake, ndipo patatha masabata angapo K10,000 ija inabwerera. Kusiyana kwa ndalama ziwirizi kunali kumodzi kokha: ina tinainena patapita masiku awiri, ina patapita maola awiri.

Chomuvuta kwambiri sichinali polisi. Chinali kuimbira mkulu wake ku Joni, munthu amene amadzuka mdima kukasakaniza simenti, n'kumuuza kuti thukuta lake lapita kwa mlendo. Anaimba ndithu. Ndi K15,000 yomwe inatsala anagula kanyali ka sola kakang'ono m'sitolo ya pa Boma, atakayatsa kaye pamaso pa wogulitsa, ndipo ndi komwe anawerengera mpaka mayeso.

Ntchito ya kunyumba

(a) Malonda ena akuti sola ya 50 cm ndi 40 cm imapereka mawati 200. Pogwiritsa ntchito mawati 1,000 pa sikweya mita ndi efficiency ya 20 pa 100, pezani mawati omwe ingaperekedi. Kodi efficiency yake ikanayenera kukhala yotani kuti mawati 200 atheke? Yankho lanu likukuuzani chiyani?

(b) Pawabanki yolemera 200 g yalembedwa 50,000 mAh. Pogwiritsa ntchito 3.7 V ndi 250 Wh pa kilogalamu, pezani kulemera kochepetsetsa komwe maselo ake angakhale nako.

(c) Mababu anayi a LED a mawati 5 lililonse akuyaka maola anayi usiku uliwonse. Akudya ma watt-hour angati? Ngati dzuwa lamphamvu limawala maola asanu pa tsiku, pakufunika sola ya mawati osachepera angati, tisanawerengere mphamvu yotayika mu batire ndi m'mawaya?

(d) Pezani malonda amodzi a pa intaneti omwe mukuwakayikira. Musatumize ndalama, musalembere mwini wake. Ingowayesani ndi mayeso asanu ndi limodzi aja, mulembe zomwe mwapeza mu tebulo monga mumachitira pa practical.

Amene mungathe, funso (c) mukaliwerengere limodzi ndi makolo anu, chifukwa ndi lomwe lingawathandize tsiku lomwe adzafune kugula sola. Phunziro lotsatira tidzayambira pa yankho lake, n'kuona mmene mungasankhire batire yogwirizana ndi sola yanu.